Mlendo wa pa Lamya

Nkhope yake sindiidziwa.
Ndimangodziwa liwu, ndi kachifuwa
ka munthu wokhala kozizira,
liwu londipeza teni koloko m'mawa
pamene minibasi za ku Matero
zikulimbirana mpata pansi pa zenera langa,
pamsewu wa Cairo.
Dzina langa limamukanika.
Tionenji amalitchula ngati watafuna mchenga.

Chaka chija ankangoti, Gula.
Masheya a shuga, gula. A simenti, gula.
Ngongole ya boma ya zaka khumi, gula yonse imene ilipo.
Manambala a pamsika wathu,
amene ankagona tsiku lathunthu ngati galu m'dzuwa la Okutobala,
anadzambatuka, nayamba kuyendayenda.
Abwana anagula jenereta yatsopano.
Ine ndinagula nsapato.

Ndisaname, anadza ndi kalumo kakuthwa.
Anafuna kuona mabuku a makampani,
tsamba ndi tsamba,
nafunsa kuti mphwake wa tcheyamani
amalandira malipiro pa ntchito yanji.
Ife funsolo tinakhala nalo m'masaya zaka zisanu ndi ziwiri.
Iye analifunsa kamodzi,
mphwake uja analongedza.

Kwacha inanenepa.
Azakhali anga Anambewe, a zitenje ku Kamwala,
anapikula mabelo awiri pa mtengo wa limodzi ndi theka,
nati Mulungu wawakumbukira.
Sindinawauze kuti amene wawakumbukira
amatsokomola pa lamya.

Tsono Lachiwiri lina,
kutsidya kwa nyanja zamchere,
anthu amene sanapondepo fumbi la Lusaka
anakweza chiwongoladzanja
ndi kachidutswa kochepa ngati njere ya therere.
Lamya inalira ndisanavule jekete.
Gulitsa.
Ziti?
Zonse.

Ndinati, fakitale ya shuga ikufukabe utsi,
nzimbe sizinamve kanthu,
malole a simenti ndawaona ndi maso anga m'mawa uno
atandanda mpaka ku Makeni.
Anakhala chete kanthawi.
Ndikudziwa, anatero, simunalakwe.
Ndalamazi si zanga.
Ndi za anamwino opuma ntchito a kwathu kuno,
nawonso amawerenga masiku a mwezi.
Komiti yalamula.
Kenaka, kwa nthawi yoyamba,
anatchula dzina langa bwinobwino.

Khomo la msika wathu ndi laling'ono.
Njovu inalowa cham'mbali, mwaulemu, chaka chathunthu.
Potuluka inafuna kutuluka tsiku limodzi,
ndipo inanyamula ndi mphuthu zomwe.

Masiku atatu ndinaimba lamya kufuna wogula.
Mzere wa ofuna madola unakhota pakona.
Anambewe anafufuta mitengo pa katoni,
nalemba ina, nafufutanso,
mpaka katoniyo inabooka.
Tomato wa pa Soweto, amene sanakwerepo ndege,
nayenso anakwera mtengo.

Lachisanu madzulo, magetsi atazima,
Hamoonga wa ku thumba la penshoni anayankha.
Tigula, koma pamtengo wathu.
Ndinalemba malondawo ndi kuwala kwa foni,
ndipo ndili pakati polemba ndinazindikira
ndalama zimene zikugulazo:
timakwacha timene ankadula pa malipiro a bambo anga,
mwezi ndi mwezi, zaka makumi atatu
akuphunzitsa masamu ku Chilenje,
choko chitayeretsa manja a malaya.

Ndinawapeza pakhonde akusoka lamba wa patapata.
Ndinati, Ababa, lero mwagula fakitale ya shuga.
Anayang'ana kapu yawo ya tiyi wopanda kanthu,
naseka mpaka misozi.
Nanga mlendo wako uja?
Wapita.
Mlendo ndi mame, anatero. Koma usamutukwane,
udzu umamwa ndithu.
Kenaka, singano ili pakamwa:
Kodi tagula motchipa, kapena tatoleredwa?

Sindinawayankhe.
Masamu amenewo sanandiphunzitse.

Jakaranda wathothoka kawiri chichokereni.
Dzulo, teni koloko, lamya inalira.
Liwu lina, lachinyamata, lopanda chifuwa,
likufunsa ngati kuno kuli zogula.
Ndinatsegula buku langa,
ndinayamba ndi kumuphunzitsa dzina langa,
pang'onopang'ono,
ndikuyang'ana pakhomo paja
pamene mmisiri sanamalizebe kukhoma.